Kodi kamera wamba ingajambule atomu imodzi? Mafunso ndi mayankho

Pali chithunzi china chimene chimabwererabwerera pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo chikangotulukira, ana amene ndimawaphunzitsa sayansi kuno ku Chipata amabwera nacho kudzandifunsa ngati n'choona. Pachithunzipo pamaoneka zitsulo zowala mtundu wa pepo ndi nsonga ziwiri zonga masingano zoyang'anana, ndipo pakati pa nsongazo pali kadontho kabuluu kotuwa, kochepa moti munthu amayamba wakuza chithunzicho ndi zala kuti akaone. Mawu a pansi pake amati kadonthoko ndi atomu imodzi. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndakhala ndikufunsidwa ndi ophunzira, aphunzitsi anzanga, ndiponso abambo ena ojambula zithunzi pa maukwati, omwe mafunso awo ndiwo anandichititsa thukuta kuposa ena onse.

Kodi chithunzichi n'chenicheni, kapena n'chopanga pa kompyuta?

N'chenicheni. Anachijambula ndi a David Nadlinger mu 2017, pamene ankachita maphunziro a digiri ya PhD ya sayansi pa yunivesite ya Oxford ku England. Mu Febuluwale 2018 chithunzichi chinapambana mpikisano wa zithunzi za sayansi wokonzedwa ndi bungwe la EPSRC, lomwe limapereka ndalama za kafukufuku ku Britain, ndipo kuyambira pamenepo chinafalikira ponseponse. Atomu ili pachithunzipo ndi ya strontium, chitsulo chofewa chimene chili pa nambala 38 pa tchati cha maelementi chija timapachika m'kalasi. A Nadlinger anafotokoza kuti anayamba awerengetsera papepala ngati kuwala kwa atomu imodzi kungaikwanire kamera, ndipo ataona kuti masamu akulola, ananyamula kamera yawo n'kupita ku labotale tsiku lina Lamlungu masana kuli zii.

Kodi atomu ndi yaing'ono bwanji?

Kukula kwa maatomu timakuyeza m'mananomita. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, ndipo maatomu ambiri m'mimba mwake ali pakati pa nanomita 0.1 ndi 0.5. Manambala otere amangodutsa m'khutu, choncho m'kalasi ndimawasandutsa mtunda woti munthu n'kuyenda. Titenge kota ya nanomita ngati muyeso wapakati, ndipo tiyerekeze kuti atomuyo yakula kufika pa njere imodzi ya nshawa, ya sentimita imodzi. Zinthu zina zonse zikakula mofanana nayo, mpata wa pakati pa masingano awiri aja, womwe ndi wa mamilimita awiri okha, ungakhale makilomita 80, pafupifupi ulendo wochoka ku Chipata kukafika ku Katete. Ndiye kuti singano imodzi ili ku Chipata, inzake ili ku Katete, ndipo penapake pakati pa msewu pali njere imodzi ya nshawa ili lende m'malere.

Nanga chinthu chochepa chotero kamera inachiona bwanji?

Apa ndi pagona nkhani yonse, ndipo amene wamvetsa yankho ili mafunso enawo samuvutanso. Kuona kuli pawiri. Pali kuona maonekedwe a chinthu, kudziwa pamene chayambira ndi pamene chathera, ndipo pali kungoona kuwala kumene chinthucho chikutulutsa. Masana simungathe kuona chiphaniphani chimene chatera pa udzu kutsidya kwa dambo, koma kukada mumachiona bwinobwino chikuthwanima, ngakhale kuti kukula kwake sikunasinthe ndipo mtunda ndi womwewo. Chimodzimodzi munthu akayatsa tochi usiku pamwamba pa phiri la Kanjala, ali m'tauni amaona kuwalako, koma sangadziwe ngati tochiyo ndi yaikulu kapena yaing'ono. Nyenyezi nazo timaziona mwa njira yomweyi.

Kuona kwa mtundu woyamba n'kosatheka pa atomu ngati tikugwiritsa ntchito kuwala wamba. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo utali wa funde la kuwala kumene maso athu amaona uli pakati pa mananomita 400 ndi 700. Ernst Abbe wa ku Germany anasonyeza mu 1873 kuti lenzi singasiyanitse zinthu zoyandikana kuposa pafupifupi theka la funde limene ikugwiritsa ntchito, ndiye kuti mananomita ngati 200. Pa muyeso wathu wa nshawa uja, funde limodzi la kuwala kwabuluu lingatalike mamita 17. Kufuna kudziwa maonekedwe a njere ya nshawa ndi ndodo yoyezera yotalika chomwecho n'kutaya nthawi.

Kuona kwa mtundu wachiwiri ndiko kunatheka. Atomu iliyonse ili ndi mitundu yakeyake ya kuwala imene imameza, ndipo strontium yochotsedwa elekitironi imodzi (kamodzi mwa tinthu tokhala kunja kwa phata la atomu) imameza kuwala kwa pakati pa buluu ndi pepo, kwa mananomita 422. Ikawalitsidwa ndi laser (nyali yotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha) ya mtundu umenewu, elekitironi yake yakunja imakwera pa mlingo wapamwamba, kenako n'kutsikanso pasanathe ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100,000,000 a sekondi, ndipo potsikapo imalavula kuwala kuja kulowera mbali ina iliyonse. Kumeza ndi kulavula kumeneku kumachitika kambirimbiri, maulendo mamiliyoni pa sekondi imodzi, kotero kuti atomuyo imasanduka ngati kanyali. Kachigawo kochepa chabe ka kuwalako ndi kamene kamalowa mu lenzi, koma kakaunjikana kwa nthawi yaitali kamakwana kuwalitsa malo amodzi pa sensa, chipangizo cha m'kamera chimene chimalandira kuwala. 

Ndiye kadonthoko ndi atomu kapena si atomu?

Ndi kuwala kochokera ku atomu imodzi, koma kukula kwa kadonthoko si kukula kwa atomuyo. Kadontho kamene mukuona n'kakakulu kuposa atomu maulendo masauzande ambiri, chifukwa lenzi iliyonse imamwaza pang'ono kuwala kochokera pa malo amodzi, ndiponso sensa ya kamera singalembe chinthu chochepera pa pixel imodzi, kamodzi mwa timadontho timene timapanga chithunzi. Pa kamera imene inagwiritsidwa ntchito, pixel imodzi ndi yotambalala pafupifupi mananomita 6,400, zomwe pa muyeso wa nshawa ndi mamita 250, kuposa mabwalo awiri a mpira kuwalumikiza m'litali.

Ena akamva zimenezi amati basi tanamizidwa. Ine sindigwirizana nawo. Chithunzi chilichonse, ngakhale cha pa chiphaso chanu cha NRC, ndi kuwala kumene kunachoka pa chinthu n'kukagwa pa sensa, ndipo palibe amene amati si inu. Cholakwika chili pa anthu amene amatumiza chithunzichi ndi mawu akuti umu ndi mmene atomu imaonekera. Atomu si yabuluu, ndipo si yaikulu ngati kadonthoko. Chimene chithunzi chikunena n'chakuti pamalo apa pali atomu imodzi ndipo ikuwala.

Kodi anaigwira bwanji kuti isathawe?

Ntchito yeniyeni inali imeneyi, ndipo poiyerekeza ndi iyo kujambulako kunali kopepuka. Tinthu timene timapanga mpweya umene mukupumawu tikuthamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi. Kamodzi mwa ito katapeza njira yowongoka kopanda kugundana ndi tinzake, kangachoke ku Chipata n'kufika ku Lusaka mphindi 20 zisanakwane. Atomu yosiyidwa yokha imakhala pa liwiro la mtundu umenewu, ndipo palibe kamera imene ingaitsatire.

Choyamba amachotsa mpweya. Msampha wonse umakhala m'chibokosi chachitsulo chotsekedwa ndithu, chokhala ndi mawindo agalasi, ndipo mapampu amakoka mpweya mpaka wotsalamo uchepe kuposa wa panja maulendo opitirira thiriliyoni. Popanda kutero, tinthu ta mpweya tingamagunde atomuyo n'kuichotsa pamalo pake. Chithunzi chija chinajambulidwa kudzera pa limodzi mwa mawindo amenewa.

Kenako amatenthetsa kachidutswa ka strontium m'kang'anjo kakang'ono kuti maatomu ena afuke ngati nthunzi n'kudutsa pakati pa msampha, ndipo kumeneko kuwala kwa laser kumathothola elekitironi imodzi pa atomu imene yadutsa. Atomu yotaya elekitironi imatchedwa ayoni, ndipo popeza tsopano ili ndi chaji, mphamvu ya magetsi ingathe kuikankha kapena kuikoka popanda kuikhudza. Masingano awiri aja amapatsidwa chaji yofanana ndi ya ayoniyo, choncho onse awiri amaikankhira pakati.

Vuto limatsala m'mbali. Samuel Earnshaw anatsimikizira ndi masamu mu 1842 kuti mphamvu ya magetsi yongokhala osasintha singagwire chinthu cha chaji kumbali zonse nthawi imodzi, chifukwa ukatseka uku kumatseguka uko. Wolfgang Paul wa ku yunivesite ya Bonn ndiye anapeza njira yake m'zaka za m'ma 1950, yomwe ndi kusinthasintha mphamvuyo mofulumira kwambiri. Zitsulo zina zozungulira ayoniyo zimasinthana chaji maulendo mamiliyoni pa sekondi, moti ayoni ikayamba kutsetserekera mbali imene yatseguka, mbaliyo imakhala yatsekeka kale ndipo kwatseguka kwina. Mwana amene amaimika mpini wa khasu pachikhatho amadziwa zimenezi ndi thupi lake, chifukwa akangoumitsa dzanja mpiniwo umagwa, koma akamaliyendetsa uku ndi uku umaima. Paul ndi Hans Dehmelt analandira mphoto ya Nobel mu 1989 chifukwa cha misampha ya ayoni.

Laser imatentha zinthu. Zikutheka bwanji kuti iziziritse atomu?

Kutentha kwa chinthu ndi kuthamanga kwa maatomu ake, choncho kuziziritsa atomu n'kuichepetsa liwiro basi. Kuwala kuli ndi kamphamvu kokankha, ndipo atomu ikameza kuwala imakankhidwa pang'ono kulowera kumene kuwalako kumapita. Akatswiri amatchera laser kuti mtundu wake uperewere pang'ono pa umene ayoniyo imafuna. Ayoni ikamathamangira kumene laser ikuchokera, mafunde amaifikira mothinana, mtundu uja n'kukwanira, ndipo imameza kuwala kochuluka n'kubwezedwa m'mbuyo. Ikamathawa laser, imameza pang'ono. Zili ngati wopalasa njinga amene mphepo imamuwomba kumaso yokha osamukankhako kumsana. Popeza ayoniyo ikungogwedezeka uku ndi uku mumsampha, ulendo uliwonse imataya liwiro, mpaka kuzizira kwake kumafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a digiri pamwamba pa madigiri 273.15 kunsi kwa ziro, pamene ndi pothera kuzizira konse. Chibokosicho sichizizira, munthu angachikhudze ndi dzanja. Chozizira ndi atomu yokhayo, ndipo laser imene ikuiziziritsa ndi yomweyonso ikuiwalitsa.

Pamafunikanso laser yachiwiri ya mananomita 1,092, yosaoneka ndi maso, chifukwa nthawi zina elekitironi ija potsika imakodwa pa mlingo wina wapambali ndipo ayoniyo imasiya kuwala mpaka itakwezedwanso.

Anagwiritsa ntchito kamera yanji, ndipo anaitchera bwanji?

Funsoli ndi la abambo ojambula aja. Kamera inali Canon 5D Mark II, imene inatuluka mu 2008, yokhala ndi lenzi ya mamilimita 50 ya f/1.8, imodzi mwa malenzi otchipa kwambiri a kampaniyo. Pakati pa kamera ndi lenzi anaikapo timachubu totalikitsa, timene timalola lenzi wamba kujambula chinthu chapafupi kwambiri. Kamera inakhala pa tripod, ndipo shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, inasiyidwa yotsegula kwa masekondi 30. Zitsulozo anaziwalitsa ndi mafulashi awiri ophimbidwa ndi mapepala amitundu, kuti woona chithunzi adziwe kuti kadonthoko kali pakati pa chiyani.

Masekondi 30 aja ndiwo anapatsa kamera mwayi umene diso lilibe. Diso limasunga kuwala kwa kanthawi kochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kenako limayambiranso, pamene sensa imasonkhanitsa kuwala konse kumene kwagwa nthawi yonse imene shutter ili yotsegula. Chidebe chosiyidwa pansi pa denga lodontha chimadzaza ngakhale madontho ake ndi apatalipatali, malinga chidebecho chisasunthe ndipo dontho lizigwa pamodzimodzi. N'chifukwa chake atomu inayenera kukhala itagwidwa, kamera nayo osagwedezeka. Bambo wina atamva mayina a zipangizozi anaseka n'kunena kuti kamera yake ndi yatsopano kuposa imeneyo. Ananena zoona, ndipo ndinawayankha kuti pa zipangizo zonse za m'chipinda chija, kamera ndiyo inali m'gulu la zotchipa.

Adziwa bwanji kuti ndi imodzi, osati khumi kapena chikwi?

Chithunzi pachokha sichingatsimikize zimenezi, koma zipangizo za m'labotale zimatsimikiza. Maayoni onse mumsampha ali ndi chaji yofanana, choncho amakankhana ndipo sangaunjikane pamodzi. Akakhala awiri kapena atatu ozizira bwino amandanda pamzere ngati mikanda pa ulusi, motalikirana mamaikulomita angapo (maikulomita imodzi ndi mananomita 1,000), ndipo kamera ya m'labotale yokhala ndi lenzi yokuza kwambiri imawaonetsa payekhapayekha moti munthu n'kuwawerenga.

Umboni wina ndi wa kuthima. Elekitironi ikakodwa pa mlingo winanso wapambali, umene laser yachiwiri ija siufikira, ayoni imodzi imazimiratu mwadzidzidzi, kenako n'kuyakanso mwadzidzidzi ndi kuwala kofanana ndi kwa poyamba. Akanakhala awiri, kuwala kukanatsika ndi theka lokha. Kulumpha kotereku kunaonedwa koyamba mu 1986 ndi magulu atatu a akatswiri, ku Seattle, ku Hamburg ndi ku Boulder.

Kodi aka kanali koyamba kuti munthu aone atomu?

Ayi, ndipo apa ambiri otumiza chithunzichi amakokomeza. Mu 1955 Erwin Müller, ali ku Pennsylvania State University, anaona maatomu pansonga ya singano ya tungsten pogwiritsa ntchito chipangizo chimene anapanga yekha. Ayoni imodzi yokha yogwidwa mumsampha inajambulidwa ku Heidelberg ndi Werner Neuhauser, Peter Toschek, Dehmelt ndi mnzawo wina, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1980. Iyo inali ya barium, imene kuwala kwake kwa mananomita 493 diso limakumva bwino kuposa kwa strontium, ndipo anaiona ndi maso kudzera pa maikulosikopu. Mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer a kampani ya IBM ku Zurich anapanga maikulosikopu yofufuza maatomu ndi nsonga yakuthwa, monga munthu amapapasira khoma mumdima, ndipo mu 1989 Don Eigler analemba dzina la kampaniyo ndi maatomu 35 a xenon. Mu 2012 gulu la ku Griffith University ku Australia linajambula mthunzi wa ayoni imodzi ya ytterbium.

Chachilendo pa chithunzi cha ku Oxford n'chakuti atomuyo ikuoneka pamodzi ndi zitsulo zoti munthu n'kugwira m'manja, pa muyeso umene diso linazolowera. Komanso n'zochititsa chidwi kukumbukira kuti mu 1952 Erwin Schrödinger, mmodzi mwa amene anayala maziko a sayansi ya quantum, yofotokoza khalidwe la tinthu tochepa ngati maatomu, analemba kuti anthu sachita kafukufuku pa atomu imodzi yokha koma m'maganizo basi. Sipanathe zaka 30 ayoni ya barium ija isanajambulidwe.

Bwanji sitikuona maelekitironi akuzungulira monga m'buku la giredi 10?

Chifukwa atomu yonse ndi yochepa kwambiri kuposa kadonthoko, za m'kati mwake ndiye sizingaoneke n'komwe. Ndiponso chojambula cha m'buku chija ndi chothandizira kuwerenga maelekitironi pa mayeso, si maonekedwe enieni a atomu.

Ndinamva kuti strontium ndi yoopsa. Kodi si ya mabomba?

Imene munamvayo ndi strontium-90, yomwe imapangika m'mabomba ndi m'malo opangira magetsi a nyukiliya. Strontium yachilengedwe, imene mbali yake yaikulu ndi strontium-88, situlutsa cheza choopsa. Dzina lake linachokera ku mudzi wa Strontian ku Scotland kumene mwala wake unapezeka, ndipo Humphry Davy ndiye anailekanitsa payokha mu 1808. Mwina munaionapo osadziwa, chifukwa kufiira kwa makombola amene amaphulitsidwa usiku wolowa chaka chatsopano kumachokera ku mchere wa strontium. M'moto imawala mofiira chifukwa imakhala yolumikizana ndi maatomu ena, pamene mumsampha ili yokha ndipo yataya elekitironi.

Kodi kugwira atomu imodzi kuli ndi phindu lanji?

Msampha uja sanaupange kuti ajambulirepo chithunzi. Gulu la ku Oxford limafufuza za makompyuta a quantum, mmene ayoni iliyonse imasunga uthenga mu milingo iwiri ya elekitironi yake, ndipo kuwala kapena kusawala kwake ndiyo njira yowerengera uthengawo. Choncho kadontho kabuluu kaja ndi chinthu chimene akatswiriwo amayang'ana tsiku ndi tsiku pa ntchito yawo. David Wineland analandira mphoto ya Nobel mu 2012, pamodzi ndi Serge Haroche, chifukwa cha njira zoyezera ndi kulamulira tinthu totere kamodzikamodzi.

Phindu lina lili pa mawotchi. Kuyambira mu 1967 sekondi imayezedwa ndi atomu ya caesium, kuwerenga kugwedezeka 9,192,631,770, ndipo masetilaiti a GPS amene amauza foni yanu kuti muli ku Mwami kapena ku Mfuwe amanyamula mawotchi a maatomu. Mawotchi a ayoni imodzi yogwidwa mumsampha ndi olondola kuposa a caesium, chifukwa atomu yokhala phee payokha sisokonezedwa ndi zinzake.

Kodi ndingayese zimenezi kuno ndi foni kapena kamera yanga?

Atomu imodzi simungaijambule, chifukwa mufunika chibokosi chopanda mpweya, msampha, ndi ma laser otcheredwa molondola kwambiri. Koma mbali ziwiri za ntchitoyi mungaziyese, ndipo ndimalimbikitsa ophunzira anga kutero.

Mbali yoyamba ndi ya maatomu otulutsa mtundu wawowawo wa kuwala. Wazani mchere wa m'khitchini pang'ono pa lawi labuluu la gasi kapena la mbaula yoyaka bwino, ndipo lawilo lidzasanduka lachikasu. Amenewo ndi maatomu a sodium, osawerengeka, akukweza ndi kutsitsa maelekitironi awo n'kutulutsa kuwala kwa mananomita 589.

Mbali yachiwiri ndi ya kusonkhanitsa kuwala kofooka. Sankhani usiku wopanda mwezi mu Juni kapena Julayi, mitambo itachoka ndipo utsi wa lupsa usanachuluke, n'kupita kutali ndi magetsi a m'tauni. Mafoni ambiri ali ndi malo otchedwa Pro pamene mungasankhe nthawi ya shutter. Ikani masekondi 15 kapena 20, kwezani ISO kufika 1600 kapena 3200, lozetsani fokasi kutali kwambiri, ndipo tsamiritsani foni pa njerwa kapena pa mtondo kuti iyang'ane kumwamba. Gwiritsani ntchito taima ya masekondi angapo kuti chala chanu chisaigwedeze. Pachithunzipo padzatuluka nyenyezi zambiri zimene diso lanu silinazione, iliyonse ngati kadontho kopanda maonekedwe. Mukapitirira masekondi 30 timadonthoto tidzayamba kutalika ngati timizere, chifukwa dziko likuzungulira ndipo kuwala kwa nyenyezi sikukugwanso pa pixel imodzimodzi.